Nyale Imodzi ndi Khonde la Azakhali

Chithunzi chomwe chinandiphunzitsa za kuwala ndi cha azakhali anga, ndipo ndimachisungabe ngakhale sichinatuluke bwino. Anabwera ku Zomba kuchokera kumudzi kudzaona mwana wawo akulandira digiri ku Great Hall, ndipo madzulo ake anandiitana n'kunena kuti, "Iwe, undijambule nanenso chabwino, choti adzukulu azidzandionerapo." Anavala chilundu chatsopano, duku lomangidwa mwaluso, nkhope atadzola mafuta. Nthawi imeneyo n'kuti nditangogula zida zomwe ndinkaziyesa situdiyo yathunthu: masitandi atatu, mababu atatu aakulu opotana aja, timabokosi tansalu tovindikira mababuwo, ndi nsalu zitatu zoyala kumbuyo, yoyera, yakuda ndi yobiriwira. Zonsezi zinabwera m'chikwama chimodzi, pamtengo woti mumtima ndinati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Chithunzicho chitaoneka pa kompyuta, azakhali anachiyang'anitsitsa osayankhula. Nkhope yawo inali yotuwa, yobiriwirako, ngati ya munthu wochira kumene. Pachipumi panali chigamba choyera mbee, makwinya onse atatumba, ndipo pansalu yakumbuyo panagwa mithunzi itatu yopingasana. Sanandidzudzule. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi mwanawe, ndakalamba chonchi?" Funso limenelo linandilasa mtima, chifukwa mayi amene anakhala patsogolo panga tsiku limenelo anali okongola, a khungu lakuda losalala, ndipo ine ndi zida zanga ndife tinawanamizira.

Achinyamata ambiri amene akuyamba ntchito yojambula amandifunsa funso limodzi: ndili ndi kangachepe, ndigule chiyani kuti nditsegule situdiyo? Ndimawayankha kuti agule nyale imodzi yabwino, aizolowere monga mlimi amazolowerera khasu lake, ndalama yotsalayo aisunge kaye. Ena amakhumudwa, poti m'maganizo mwawo situdiyo ndi chipinda chodzaza masitandi ndi mawaya. Ndimawamvetsa, nanenso ndinadutsa momwemo.

Vuto loyamba pa chithunzi cha azakhali linali mababu aja. Kuwala kungaoneke koyera m'maso mwathu koma kusali kokwanira. Kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse ya utawaleza, pomwe mababu ambiri otsika mtengo, kaya a fulorosenti kaya a LED, amachulutsa mitundu ina n'kupereweza ina, makamaka kufiira. Khungu la munthu, ngakhale lakuda bii, lili ndi kufiira kwake, ndiye nyale ikasowa mtundu umenewu nkhope imaoneka ngati yowazidwa phulusa. Opanga nyale amayeza zimenezi ndi nambala yotchedwa CRI, yomwe imalekezera pa 100. Wojambula nkhope za anthu azifuna nyale ya 95 kupita m'mwamba. Pa bokosi la mababu anga nambala imeneyi panalibe n'komwe, ndipo masiku ano nyale yosalembedwa CRI ndimaibweza pashelefu.

Vuto lachiwiri ndi lomwe ndikufuna mulimvetse bwino, chifukwa mukaligwira ili, ndalama zanu zambiri zapulumuka. Kufewa kwa kuwala kumadalira kukula kwa gwero lake monga likuonekera kwa munthu amene mukumujambulayo. Dzuwa ndi lalikulu zedi, koma lili kutali moti kwa ife limaoneka ngati kandalama kachitsulo, n'chifukwa chake masana limalemba mithunzi yakuthwa pansi pa maso ndi mphuno. Mitambo ikaphimba, thambo lonse limasanduka nyale imodzi yaikulu, mithunzi n'kusungunuka. Timabokosi tanga tinali tating'ono kale, ndiye ndinatiimikanso patali poopa kuti tilowa m'chithunzi. Ndikanangotenga kamodzi n'kukasendeza pafupi ndi nkhope, kuwala kukanafewa popanda kuwonjezera tambala.

Mtunda uli ndi lamulo lake lina. Mukachotsa nyale pa mita imodzi n'kuiika pa mamita 2, kuwala kofika pa munthu sikutsika ndi theka ayi, kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Lamulo limeneli ndi bwenzi la wosauka. Mukamukhazika munthu mamita 2 kutsogolo kwa khoma loyera, nyale ili pafupi naye, khomalo limatuluka lotuwa m'chithunzi. Mukamusunthanso patsogolo limaderatu. Khoma limodzi la laimu lakupatsani nsalu zitatu. Koma mukamajambula banja lonse, bwezani nyale m'mbuyo, apo ayi wapafupi ayera mopitirira, wakumapeto adetsedwa.

Situdiyo yanga yeniyeni yoyamba inakhala khonde la nyumba ya lendi yomwe ndinkakhala ku Chinamwali. Denga la khonde limatchinga dzuwa lochokera pamutu, kuwala kumalowa cham'mbali kuchokera pabwalo, kofewa, kolowa m'maso mwa munthu n'kuwapatsa moyo. Ndinatha miyezi ndikujambula ana a aneba, amayi ogulitsa mandasi, anzanga a kutchalitchi, ndikumawasuntha pang'onopang'ono: phazi limodzi kulowera m'kati, nkhope kutembenukira kubwalo, chibwano kutsika pang'ono. Kumeneko n'kumene maso anga anatseguka. Pambuyo pake ndinadziwa kuti Seydou Keïta, katswiri wa ku Mali amene anatsegula situdiyo yake ku Bamako mu 1948, ankajambula anthu ambiri pabwalo la nyumba ndi kuwala kwa tsiku, ndipo nsalu yake yoyamba yakumbuyo inali yoyala pabedi pake. Zithunzi zakezo lero zili m'nyumba zazikulu zosungiramo zaluso ku Paris ndi ku New York. Mukaziyang'ana muona mmene khungu lakuda likuwalira mwaulemu, nsalu zamaluwa zikugwirizana ndi zovala za ojambulidwawo.

Pa nkhani ya mazenera ndiikepo chenjezo. Maphunziro ambiri a pa intaneti amakonzedwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo amati zenera labwino ndi loyang'ana kumpoto chifukwa dzuwa sililowamo mwachindunji. Kwa iwo n'zoona, koma ife tili kumwera kwa equator. Kuno miyezi yambiri ya chaka dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho zenera lopereka kuwala kofewa ndi loyang'ana kumwera. Kuyambira cha mu Novembala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale limapendekera pang'ono kumwera, koma limakhala pafupifupi pamutu, moti khonde kapena mlomo wa denga umalitchinga. Musanachite lendi chipinda, pitaniko m'mawa, masana ndi madzulo mukaone mmene kuwala kukuyendera. Dziwaninso kuti kuwala kokoma kwa dzuwa likamalowa kuno sikuchedwa. Mukamacheza kwambiri ndi kasitomala mupeza kwada.

Chida choyamba chogula chikhale reflector, ija yopindika ya mbali zisanu, yotalika pafupifupi masentimita 110. Ngati ndalama palibe, katoni yaikulu yomata mapepala oyera imagwira ntchito yomweyo. Chimodzimodzi thabwa loyera lopepuka lomwe amakutira firiji yatsopano, kapena chotchingira dzuwa pagalasi la galimoto chija chasiliva. Ntchito yake ndi kubwezera kuwala kumbali yamthunzi ya nkhope. Ine ndimakonda mbali yoyera. Yasiliva imathobwa m'maso ndipo imakokomeza thukuta, yagolide ikachuluka munthu amaoneka ngati wapakidwa chikasu.

Tsopano nyale imodzi ija. Pali mitundu iwiri: yoyaka mosalekeza ndi ya fulashi. Yoyaka mosalekeza, monga Godox SL60W ya mawati 60, imakoma pophunzira chifukwa zomwe mukuona ndi zomwe kamela ijambule, ndiponso imathandiza amene amajambula makanema. Koma imafuna magetsi a pakhoma, ndipo tonse tikudziwa mmene magetsi amathimira kuno. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Amene situdiyo zawo zinkadalira soketi anaona zakuda. Kasitomala amene wavala suti, wakwera minibasi kuchokera kutali, simungamuuze kuti abwerenso mawa. Pa chifukwa chimenechi, kwa wojambula zithunzi zokhazokha, ine ndimati fulashi ya mabatire.

Yomwe ndinayamba nayo ndi Godox TT600. Imadya mabatire anayi a AA, ili ndi wayilesi yake m'kati moti imawombera ili patali ndi kamela, ndipo mphamvu yake mumaisintha nokha kuyambira yonse mpaka 1/128. Ilibe nzeru zodziyezera yokha kuwala, koma m'chipinda momwe mtunda sukusintha zimenezo si vuto, ndipo zimakukakamizani kuphunzira. Yongnuo YN560 IV ndi ya mtundu womwewo. Pakamela mumamangapo trigger, kachida kouza fulashi nthawi yowombera, monga X2T ya Godox, ndipo iyi iyenera kukhala ya mtundu wa kamela yanu, kaya Canon, Nikon kapena Sony. Musanapereke ndalama yang'anani pamwamba pa kamela pomwe fulashi imalowa: makamela ena otsika mtengo a Canon, monga 4000D, anatuluka opanda kachitsulo kapakati komwe mafulashi wamba amadalira. Tengani kamela yanu mukayesere pomwepo.

Kumbukiraninso kuti makamela ambiri amagwirizana ndi fulashi pa liwiro la shata (chitseko cha kuwala m'kamela) losapitirira 1/200 kapena 1/250 ya sekondi. Mukapitirira, m'mphepete mwa chithunzi mumatuluka mzere wakuda, ndipo ambiri amaganiza kuti fulashi yawonongeka. Poyambira pabwino m'chipinda ndi liwiro la 1/160, bowo la lenzi pa f/5.6, ISO (mmene kamela imamvera kuwala) pa 200, mphamvu ya fulashi pa 1/4, kenako mukweze kapena kutsitsa mukaona zotuluka.

Mabatire musawapeputse. Aja ogulitsidwa pamsika otaya akatha adzakudyerani phindu lonse. Gulani otchaja a NiMH, monga Eneloop a Panasonic, magulu awiri a anayianayi, ndi tchaja yake. Gulu limodzi lotchaja bwino limawombera maulendo oposa 200 pamphamvu yonse, ndipo poti kawirikawiri mudzagwiritsa ntchito theka kapena kuchepera apo, tsiku lonse limatha. Amene ali ndi kasola kunyumba angathe kutchajira pomwepo.

Fulashi yokha ndi kanyale kakang'ono kaukali, ndiye iyenera kukulitsidwa. Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi ambulera yoyera yomwe kuwala kumadutsamo, ya masentimita 84 kapena 110. Imamwaza kuwala ponseponse, zomwe m'chipinda chaching'ono cha makoma oyera zimathandiza kudzaza mithunzi. Koma ngati makoma ndi obiriwira kapena a pinki, mtundu umenewo ubwerera pankhope, ndiye pentani chipindacho choyera musanagule china chilichonse. Softbox, bokosi lansalu lovindikira nyale lija, imalunjika kuwala pomwe mukufuna ndipo siitaya kwambiri, koma ingadikire. Mukadzaifuna, sankhani ya cholumikizira cha Bowens. Kampani ya ku Britain yomwe inayambitsa cholumikizirachi inatseka mu 2017, koma opanga nyale ambiri amachigwiritsabe ntchito, choncho softbox yomwe mwagula lero idzalowa pa nyale yaikulu yomwe mudzagule mtsogolo.

Pomwe sindilola kuumira ndi pa sitandi. Masitandi atatu a m'chikwama chija anali opyapyala ngati bango, ndipo imodzi inagwa ndi kamphepo ka Ogasiti tili pa chinkhoswe, ambulera n'kuthyoka, mwamwayi osamenya munthu. Sitandi imodzi yolimba yofika mamita 2 ndi theka imaposa zitatu zofooka. Pamiyendo pake ikani thumba la mchenga. Telala aliyense angakusokereni ndi jinzi yakale, mchenga mukatapa kumtsinje.

Nyaleyo muiike kuti? Yambani ndi kuiimika cham'mbali mwa kamela, pakati pa kutsogolo ndi kumbali kwa munthuyo, itakwera pang'ono kuposa mutu wake ndipo ikuyang'ana pansi. Mukaisunthira kumbali mpaka mthunzi wa mphuno utakumana ndi wa tsaya, pansi pa diso lakumthunzi pamatsala kachigamba kowala ka ngodya zitatu. Ojambula amakutcha kuwala kwa Rembrandt, potengera katswiri wopenta wa ku Netherlands amene anamwalira mu 1669. Kumapatsa nkhope ulemerero, makamaka ya abambo achikulire. Kwa amayi ndi ana ndimabweretsa nyale kufupi ndi kamela, reflector pamiyendo pawo. Mulimonse, yang'anani m'maso: ngati mulibe kadontho kowala, nyale yakwera kwambiri.

Nkhani ya khungu lathu ndi imene imandikhudza kwambiri, chifukwa zida zojambulira sizinapangidwe poganizira ife. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, malo otsukira zithunzi ankalinganiza mitundu poyang'ana khadi la Kodak lotchedwa Shirley, lomwe linali ndi chithunzi cha mayi wachizungu, ndipo panapita zaka zambiri asanatulutse khadi lokhala ndi anthu a makungu osiyanasiyana. Makamela a lero ali bwino kwambiri, komabe choyezera kuwala cha m'kati mwake chimangofuna kuti chilichonse chituluke chotuwa pakatikati. Mukachisiya chokha, mkwatibwi wakuda wovala diresi loyera amatuluka nkhope itamira, kapena diresi litapsa, kutanthauza kuyera mopitirira, osaonekanso zingwe zake. Njira yake ndi kuyeza kuti diresi lisapse, kenako n'kupereka kuwala kokwanira kunkhope: lunjikani nyale kumutu, diresi lizingolandira m'mphepete mwa kuwalako.

Khungu loyera limaonetsa maonekedwe a nkhope kudzera m'mithunzi, pomwe lakuda limawaonetsa kwambiri kudzera m'kunyezimira. Chipumi, matsaya ndi mphuno zimakhala ngati kalilole wosaoneka bwino yemwe akubwezera chithunzi cha nyale yanu. Nyale ikakhala yaing'ono, pamatuluka kachigamba koyera kowawa, monga kanachitira pa azakhali. Ikakhala yaikulu ndi yapafupi, kunyezimirako kumayala mofatsa, khungu n'kumaoneka ngati mtengo wa phingo wopukutidwa bwino. Choncho musalimbane n'kuchotseratu kunyezimira konse, ndi kumene kumapereka moyo. Ngati munthu wadzola mafuta ambiri, mupatseni tishu mwaulemu agunditse pachipumi, basi. Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi anzanga ojambula: tileke kuyeretsa anthu pa kompyuta. Ndaona zithunzi zaukwati zomwe mkwatibwi makolo ake sangamuzindikire. Munthu akatuluka wakuda mosaoneka, vuto ndi kuwala kwathu, osati khungu lake. Jambulani mu RAW (fayilo yosunga zonse zomwe kamela yaona), linganizani white balance (kuti choyera chituluke choyeradi) ndi pepala lotuwa kapena loyera, ndipo musasakanize babu lachikasu la m'nyumba, lomwe pa muyezo wa mtundu wa kuwala limakhala cha pa 3000K, ndi fulashi yomwe ili cha pa 5500K. Zimitsani la m'nyumbalo.

Za lenzi sindichulutsa. Ija ya 18-55mm yobwera ndi kamela, mukaiika pa 55mm ndi f/5.6 kapena f/8 pansi pa fulashi, imatulutsa zithunzi zakuthwa zoti kasitomala sangadandaule. Ndalama ikapezeka, 50mm f/1.8 ndiyo yotsatira. A Nikon ya mndandanda wa D3000 kapena D5000 asankhe lenzi yolembedwa G, chifukwa yolembedwa D siidzilunjika yokha pa makamela amenewa. Musamuyandikire munthu kwambiri, mphuno imakula. Imani mamita 2 kapena kuposa. Dziwaninso kuti kujambula munthu wathunthu ndi 50mm pa kamela ya sensa (kachigamba kolandira kuwala m'kati mwake) yaing'ono kumafuna mtunda wa mamita 4 ndi theka, ndiye yezani chipinda chanu kaye.

Chakumbuyo musavutike nacho. Khoma loyera ndanena kale. Zitenje ziwiri zosokedwa pamodzi, zositidwa bwino, zopachikidwa pa paipi ya madzi kapena nsungwi yowongoka, zimapereka chithunzi chomwe munthu akachiona amadziwa kuti ndi chakwathu. Sankhani cha mitundu yosalimbana ndi chovala. Mapepala aakulu aja a m'masitudiyo akunja amadetsedwa ndi fumbi la nsapato sabata imodzi, ndipo kuwaitanitsa n'kodula.

Kudula kumeneku n'kwenikweni. Zida zonsezi zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi madola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti amene ankasonkhanitsa ndalama pang'onopang'ono anapeza mtengo wathawa. N'chifukwa chake ambiri timagula zogwiritsidwapo kale ntchito, kapena kutuma abale obwera kuchokera ku Johannesburg ndi ku UK. Potero samalani zinthu ziwiri. Magetsi athu ndi a 230V, choncho chilichonse cholowa pakhoma chikhale cholembedwa 100-240V. Nyale ya ku America ya 120V yokha imapsa nthawi yomweyo. Chachiwiri, mafulashi akalekale a nthawi ya filimu, monga ena a Vivitar 283, amatumiza mphamvu yoposa mavoti 200 pachitsulo cholumikizira ndipo angawononge kamela yamakono. Akhale otsika mtengo chotani, musawamange pa kamela yanu. Tsegulaninso pomwe pamalowa mabatire muone ngati sipanachite dzimbiri. Magetsi akathima zulani tchaja pakhoma, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira.

Nyale yachiwiri ndinaigula patapita nthawi yaitali, ndipo ndinaigula nditadziwa chomwe ndikuifunira: tsitsi lakuda ndi suti yakuda zinkamira m'nsalu yakuda, ndiye ndinkafuna kamzere kowala m'mphepete mwa mapewa. Ndalama yake inachokera m'zithunzi zomwe yoyamba ija inajambula. Ring light, nyale yozungulira ngati mphete yomwe atsikana ambiri amafunsa, ndi yabwino pa makanema a pafoni, koma kuwala kwake kumachokera kutsogolo kokha ndipo kumaphwatalitsa nkhope, choncho pa ntchito iyi sindiiwerengera.

Chaka chotsatira chithunzi choyamba chija, nthawi yokolola itatha, ndinapita kumudzi kwa azakhali. Fulashi ndi ambulera ndinanyamula, koma sizinatuluke m'chikwama. Cha m'ma 8 koloko m'mawa ndinawapempha kuti, "Azakhali, takhalani apa pakhonde, muyang'ane chakunkhokweko." Anavala chilundu chomwe chija. Mdzukulu wawo anagwira katoni yomata mapepala oyera kumbali yamthunzi, ndipo kuwala kochokera pabwalo losesedwa bwino kunayala pa tsaya lawo. Tinacheza za mtedza wa chaka chimenecho, ine ndikujambula, mpaka anaiwala kamela n'kuseka.

Nditawaonetsa pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamela, anachitenga m'manja, n'kuchitalikitsa pang'ono kuti aone bwino. Kenako anaitana anzawo a nyumba yoyandikana nayo. "Tabwerani anaPhiri, mudzaone. Ameneyutu ndiye ine." Ndinakachitsukitsa ku Zomba, ndipo chili pakhoma la pabalaza pawo, pambali pa cha mwana wawo atavala gauni.